Limbani, Ana a Fomu 3C Usakawasefe

Kawale, Loweruka masana

Limbani mwana wanga,

Kapena ndiziti a Hedi? Ndamva kuti ndi mmene akukuitanira anzako pa foni masiku ano, ndipo iwe ukumayankha ndi mawu onenepa amene sindinawamvepo m'nyumba muno. Chabwino. A Hedi, pepani, takhalani pansi, mayi anu ali ndi mawu.

Ndikulemba iwe utapita kokametetsa, katundu wako ali mbwee pabalaza ngati tikusamuka tonse. Munthu ukungopita ku Mgona, maminibasi awiri basi, koma wamanga ngati ulendo wa ku Joni. Ketulo yanga yalowanso m'katoni, ndaiona. Ndasankha kulemba chifukwa ndikamalankhula umayang'ana foni n'kumati "ndamva, Amayi," pamene sunamve kanthu. Pepalali sungalidule mawu.

Ndiyambe ndi kudandaula. Ine ndinavala gauni ya ku yunivesite iwe usanabadwe. Imvi ukuzionazi, theka lake ndi choko. Ndakhala mphunzitsi wamkulu mpaka mpando wa mu ofesi unatenga maonekedwe anga. Koma mwana wanga atasankhidwa kukayendetsa sekondale yoyendera, malangizo akukafunsa kwa anzake a pagulu la pa foni, anyamata amene sanayendetsepo ngakhale kwaya ya ana. Ine sabata yonseyi wandifunsa chinthu chimodzi chokha: ngati malaya oyera achapidwa. Achapidwa, a Hedi. Asitidwanso. Tsopano tamva zimene sunandifunse.

Lachinayi kunabwera a Chimphepo, wapampando wa komiti ya sukulu yako yatsopanoyo. Anakhala pa sofa yanga, anamwa tiyi wanga, shuga anathira ngati akuthira feteleza m'chimanga. Ine ndinali kukhitchini, ndipo khoma la nyumba ino ukulidziwa, silisunga nkhani. Anati, "A Hedi, sukulu yathu ija yatchuka ndi kulephera. Ife mu Mgona timachita kuyenda chozolika. Vuto ndi kalasi imodzi, Fomu 3C. Amenewo akalowa Fomu 4 atigwetsanso. Tiwasefe chaka chisanathe." Ndipo iwe, mwana amene ndinayamwitsa ine, unati, "Tiona, a Tcheya."

"Tiona" wakoyo ndimamudziwa. Ndi yemwe unandiyankha nditakuletsa kugula njinga yamoto ija, m'mawa mwake inali itaima pakhomo. Iwe ukati "tiona" ndiye kuti wavomera kale, ukungofuna nthawi yoti manyazi aphwe.

Popeza ku koleji saphunzitsa zimenezi ndi dzina lake lenileni, ndikuuze chimene kusefa kuli. Mayina a olemba mayeso a boma asanatumizidwe, mumatenga ana amene mukuganiza kuti alephera, n'kuwauza kuti abwereze kalasi kapena akalembere kwina ngati ongobwera. Otsalawo amakhoza, sukulu imaoneka yanzeru, a hedi amawomberedwa m'manja. Palibe mwana amene waphunzira kanthu kowonjezera. Mwangotulutsa odwala m'chipatala n'kulengeza kuti matenda atha. Ndipo usadzinamize kuti amabwerezadi. Mwana wa ku Mgona amene makolo ake achita kukwawa kuti amufikitse Fomu 3, ukamuuza kuti abwereze, wamuuza kuti azipita. Mnyamata ukamupeza ku Kanengo akusenza mabelo a fodya. Mtsikana udzangomva kuti ali pabanja. Usakawasefe ana amenewo, Limbani. Ukaiwala zina zonse za m'kalata muno, chimenechi chokha usaiwale.

Nditangoyamba ntchito, pa sukulu ina konkuno ku Kawale, hedi wathu anali a Kachigamba, katswiri wa sefa. Usaganize za munthu wankhanza. Anali bambo wofatsa, wa tayi yoongoka, wopemphera potsegula msonkhano ndi potseka pomwe. Sankakalipa. Ankaitana mwana mu ofesi, kumupatsa mpando, n'kumuuza motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, ine ndikukufunira zabwino. Chaka chino upume kaye." Mwana ankatuluka akuthokoza. Zotsatira zikatuluka tinkajambulitsa chithunzi, a Kachigamba pakati, makolo atabweretsa mbuzi. Chithunzicho chinkatuluka bwino kwambiri, chifukwa amene akanachiwononga anali atachotsedwa kale.

M'kalasi yanga munali mtsikana dzina lake Asiyatu, mwana wa atelala ena a pamsika ochokera ku Mangochi. Masamu ankamuzunza, iyenso ankawazunza. Koma nthawi yopuma ankapinda kope ngati maikolofoni, kukwera pa desiki, n'kuyamba kuwerenga nkhani za pa wailesi zopeka yekha: za mphunzitsi amene wagona m'kalasi, za kukwera mtengo kwa matemba, za galu amene wasokoneza asembule. Ana a makalasi ena ankadzaza pawindo. Ankafuna kudzakhala wowerenga nkhani pa wailesi, ndipo ankanena poyera, osachita manyazi. Dzina lake litatchulidwa pa osefedwa, ndinaimirira mu sitafurumu n'kunena kuti mwanayu Chichewa ndi Chingerezi amakhoza kuposa ena a mu kalasi A ya ana anzeru. A Kachigamba anamwetulira. "Madamu, mukadali atsopano. Chifundo chimenecho chitha pamodzi ndi bokosi lanu loyamba la choko." Aphunzitsi anaseka, nkhani inathera pomwepo.

Asiyatu ukumudziwa, kungoti sunkadziwa kuti ndi iyeyo. Ndi mayi uja wa zitenje pamsika wa Kawale, amene akaitanira malonda msika wonse umacheuka. Usamumvere chisoni, sakuvutika; ali ndi galimoto yakeyake, iwe ulibe. Koma tsiku lina ndikusankha chitenje ndinamufunsa ngati amakumbukira za wailesi zija. Anapinda chitenjecho bwinobwino, n'kunena kuti, "Madamu, anthu amati ndinalephera Fomu 4. Ine sindinalephere. Sanandilole n'komwe kuti ndikalephere ndekha." Kenako ananditchulira mtengo, osandichotserako ngakhale pang'ono. Ndikufuna mawu amenewo akulire m'khutu tsiku limene a Chimphepo adzabwere ndi mayina. Mwana ali ndi ufulu wolowa m'chipinda cha mayeso n'kukagwa ndi miyendo yake. Ndipo ambiri amene mumawaopera kuti agwa, sagwa.

Atandipatsa sukulu yangayanga, kumbali ya Chinsapo, tsiku loyamba ndinalengeza kuti sefa yathyoka. Ndikuuze zoona, chifukwa anzako a pa foni sangakuuze: chaka choyamba zotsatira zinali zochititsa manyazi. Zinali zoipa moti anthu ankandipatsa moni wa pamaliro. Kumsonkhano wa mahedi anzanga ankati, "Amayi a chifundo, ana anu aja ali bwanji?" Makolo a ana a mu A anabwera chigulu kudzandiuza kuti achotsa ana awo. Akuluakulu a maphunziro anandiitana, anandisiya pa benchi mpaka njala inandipeza, kenako bambo wina wamng'ono kwa ine anandifunsa ngati ntchitoyi ndikuimvetsa. Ndinamuyankha mwaulemu kwambiri, ulemu woti mpaka lero akaukumbukira amatuluka thukuta. Zimenezi zikubwera kwa iwenso. Ukonze mtima, osati suti yachiwiri.

Kusiya kusefa pakokha si nzeru, ndi poyambira chabe. Ukangowasunga ana m'kalasi osasintha kanthu, wangowachedwetsa kugwa. Ine poyamba ndinaganiza ngati munthu wa digiri: ana akulephera, ndiye tiwonjezere maphunziro. Ndinatseka mpira, ndinatseka kwaya, zisudzo, makalabu onse. Loweruka kalasi, holide kalasi. Ndinkayenda pasukulupo ngati mkulu wa asilikali, mumtima ndikudziwombera m'manja. Pakutha pa teremu, 3C ya kumeneko inali ndi madesiki ambiri kuposa ana. Ndinali nditachotsa ndiwo n'kuwonjezera mbale.

Mmodzi mwa osowawo anali Fanuwelo, amene anazimiririka nditangotseka kalabu ya sayansi. Ndinakwera minibasi kukamupeza ku Biwi, pa shedi ya amalume ake okonza mawailesi, ataluma waya m'kamwa. Ndinayamba ulaliki wanga wa tsogolo, uja umaudziwa iwe. Anandimvera mpaka ndinatopa, kenako anati, "Madamu, ine ndinkabwera Lachitatu chifukwa cha kalabu. Masiku enawo ndinkangobwera kuti musandithamangitse Lachitatu. Ndiye Lachitatulo mwachotsa, ndizidzatani?" Ndinafuna kumukalipira chifukwa cha mwano, koma ankanena zoona. Mwana amene tinkati sadziwa masamu anali atawerengera bwinobwino.

Tamva, Limbani. Mwana sabwera kusukulu chifukwa cha maphunziro onse. Amabwera chifukwa cha chinthu chimodzi, n'kupirira zinazo. Wina ndi mpira, wina ndi kwaya, wina ndi mphunzitsi mmodzi amene amamutchula dzina molondola. Ndi kachingwe kamodzi kamene kamamukoka kuchokera kunyumba m'mawa. Ntchito ya hedi ndi kudziwa kachingweko, ndi kuletsa anthu oyenda ndi sizasi. Ndinabweza makalabu, ndipo sindinawaike madzulo ana atafooka ndi njala. Ndinawaika pakati pa tsiku, kuti wofuna kalabu adutse kaye pa masamu. Mphunzitsi wa sayansi ndinamuuza kuti phunziro la magetsi aliphunzitsire pa wailesi yakufa imene Fanuwelo anabwera nayo atabwerera. Anakhoza mnyamatayo. Sanakhoze zoti n'kumuimbira nthungululu mudzi wonse, koma anakhoza, anakaphunzira za magetsi, ndipo mawaya a m'nyumba muno anaika ndi iyeyo. Anandilipiritsa ngati mlendo. Ana anga onse ndi otero, palibe wondichotsera.

Tsopano tchera khutu, chifukwa ichi ndiye ndikufuna ukachite Lolemba. Pita ukaione 3C ndi maso ako usanamve za iwo kwa munthu wina. Ndikuuziretu chimene ukapeze, ngakhale sindinapondeko. Chipinda chawo ndi chakumapeto, pafupi ndi zimbudzi. Chitseko palibe. Bolodi ndi lotuwa moti choko sichioneka. Mabuku ali mu A. Mphunzitsi wawo wa masamu ndi uja amabwera Lachiwiri akununkha za Lolemba. Aphunzitsi abwino onse anapatsidwa A, chifukwa A ndiyo imabweretsa mbuzi. Ndiye mumatenga ana ofooka, kuwapatsa chipinda choipa, aphunzitsi otsala, mabuku ayi, kenako n'kudabwa mokweza kuti, "Kodi ana awa bwanji sakhoza?" Kudabwa kumeneko kumandipsetsa mtima kuposa kuba.

Ine ku Chinsapo kuja ndinatenga 3C kukhala kalasi yanga. Hedi wathunthu, ndi ofesi yanga, ndi chidindo changa, ndinkalowa ndekha piriyodi yoyamba kukaphunzitsa Chingerezi. Taona zozizwitsa: sabata yomweyo chitseko chinapezeka. Chinalipo nthawi yonseyi m'chipinda chosungiramo katundu, chikudikira munthu wofunika. Bolodi linapakidwa. Aphunzitsi olowa pambuyo panga anayamba kufika nthawi yake, podziwa kuti andipeza pakhomo ndikusasa choko m'manja. Kumene hedi amaponda tsiku ndi tsiku, sukulu yonse imasesako. Ukakhala mu ofesi kumangosaina mapepala, uzidzamva za sukulu yako ngati nkhani za dziko lina.

Kenako ndinagawanso aphunzitsi. Panali a Gondwe, mphunzitsi wa masamu wodziwa ntchito kwambiri, amenenso ankadziwa kuti amadziwa. Nditawauza kuti atenga 3C anavula magalasi. "Madamu, ine ndi digiri yangayi ndikaphunzitse C? C ndi ya aphunzitsi oyeserera." Ndinati, "A Gondwe, ana a mu A angakhoze ngakhale titangowasiyira buku n'kutseka chitseko. Inu zaka zonsezi mwakhala mukuchiza anthu osadwala n'kumalandira ulemu wa udokotala. Tiyeni ku wodi tikaione digiriyo." Sanandilankhule kwa nthawi ndithu, moni ankanditumizira kudzera kwa wachiwiri wanga. Koma anali munthu wonyada, ndipo munthu wonyada safuna kugonja pamaso pa ana. Anayamba kuphunzitsa masamu ndi milu ya tomato, ndi njerwa, ndi mmene kondakitala amadzazira minibasi. Tsiku lina ndinawamva mu sitafurumu akukalipira mnzawo: "Ana anga a C aja musamawatchule choncho." Ana anga! Ndinalowa mu ofesi, ndinakhoma chitseko, ndinavina pang'ono.

Zotsatira zinakwera, koma mwaulesi, osati ngati za a Kachigamba. Patapita zaka zingapo, anzanga aja a "Amayi a chifundo" anayamba kundikokera pambali pamsonkhano, kufunsa chapansipansi kuti ndikuchita bwanji. Ndinkawauza kuti ndi mankhwala achikuda. Ndikananena kuti ndimangolowa m'kalasi, sakanakhulupirira.

Ukalowa mu 3C usayambe ndi malamulo, malamulo awamva okwanira. Uwafunse mmodzimmodzi chimene akufuna kudzakhala, nkhope yako ili ngati uli m'tchalitchi. Poyamba akunamiza, anena unesi, usilikali, zimene amadziwa kuti akuluakulu saseka. Dikira. Wina adzalimba mtima n'kunena kuti akufuna kuyendetsa ndege. Pamenepo ndi pamene sukulu imaphera ana ambiri, osati ndi chikwapu koma ndi kuseka. Ndinamvapo mphunzitsi akuyankha mtsikana kuti, "Iwe ndege? Uyambe wakwera kaye kabaza osagwa." Kalasi inaseka, mphunzitsi anasangalala kuti ndi wanthabwala, mtsikanayo sanakwezenso mkono mpaka anachoka. Ine pa sukulu yanga ndinkakhululukira mphunzitsi wochedwa, wa malaya osasita, ngakhale wodya chimanga chowotcha m'kalasi. Woseka loto la mwana ndinkamuitana mu ofesi, ndipo mpando sindinkamupatsa. Iwe ndiwe mwana wanga, lilime lakuthwa unatengera ine, usakane. Uligwiritse ntchito pa akuluakulu anzako amene angathe kukubwezera. Pa ana uliike m'thumba.

Koma usawanamizenso. Wofuna ndegeyo umuuze kuti njira yake imadutsa pa masamu ndi sayansi, ndipo kuti pakadali pano masamu ake ali pansi pa tebulo. Kuteteza loto la mwana si kuliwombera m'manja ayi, ndi kumusonyeza msewu wake ndi maenje ake omwe. Mwina sadzayendetsa ndege. Mwina adzakonza injini zake, mwina adzapeza china panjira chimene lero sakuchidziwa n'komwe. Zimenezo adzasankha yekha ali m'njira. Iwe ntchito yako ndi yoti asatsitsidwe minibasi isananyamuke.

Za geti ndinene mwachidule, chifukwa ndinakumva ukuuza anzako kuti uzikalitseka belu likangolira. Mwana wa ku Mgona akachedwa, kawirikawiri wachokera pamzere wa madzi, kapena waperekeza beseni la mandasi a mayi ake kumsewu. Wathamanga, wafika thukuta lili kamukamu, ndiye iwe umubweze kuti akaphunzire kusunga nthawi. Akaphunzira kuti? Ku vidiyo? Mulowetse, aphunzire, chilango achite akaweruka. Geti lotseka ndi sefa yomweyo, kungoti ya m'mawa uliwonse. N'chimodzimodzi ndi mwambo uja wa tsiku lotsekera, woitana mayina pa asembule kuyambira woyamba mpaka womaliza, ana akukuwiza anzawo a kumchira. Womaliza uja teremu yotsatira sabwera, ndipo mumati anali waulesi. Woyamba umutchule, wagwira ntchito. Koma utchulenso amene wakwera kuchokera kumene anali, ngakhale akadali kutali. Za kumchira zikhale pakati pa mwana, kholo ndi mphunzitsi.

Tsopano a Chimphepo. Usakawanyoze. Si munthu woipa. Ndi bambo amene watopa kusekedwa pamaliro ndi paukwati chifukwa cha sukulu imene amaikonda. Akufuna kuyenda mu Mgona atadzutsa mutu, ndipo sakulakwa kufuna zimenezo. Kungoti njira imene akuidziwa ndi imodzi, imene anaiona kwa mahedi onse amene anadutsapo. Usakawayankhe pa foni, ndipo usakawalembere Chingerezi chako cha ku yunivesite chija. Uwaitane, uyende nawo mpaka ku 3C ana ali momwemo, aime kutsogolo apereke moni. Mukatuluka, muli awiri pakhonde, uwafunse kuti, "A Tcheya, ana aja ndi amenewa. Tiyambe ndi uti?" Sadzatha. Pakamwa ndi "3C", koma m'chipindamo muli mwana wa mnzawo wa kutchalitchi, mdzukulu wa mayi amene amawagulitsa makala, mwinanso wa mlongo wawo yemwe. Akayamba kutsokomola n'kumayang'ana kudenga, usawapanikize. Uwapatse ntchito: chitseko, mabuku, kuyenda m'makomo a ana amene asowa nyengo ya fodya. Munthu amene wakhoma yekha chitseko cha kalasi safuna kuona kalasiyo ikutha. Ndipo uwauze zoona, kuti chaka choyamba mwina ayendabe chozolika. Ukawalonjeza zozizwitsa, woyamba kusefedwa udzakhala iweyo.

Ndikudziwa chimene ukuopa, ngakhale sunena. Ndiwe wamng'ono pa udindowu. Ena mu sitafurumu anayamba kuphunzitsa iwe ukadali ku pulayimale, ndipo akudikira kuti upunthwe. Ukufuna chaka choyamba chiwale kuti akusiye. Sefa ingakupatse zimenezo, sindikana. Imagwira msanga, n'chifukwa chake anthu amaikonda. Popanda iyo mwina adzakuitana kukakhala pa benchi ngati ine, mwina adzakuponya kutali kumene netiweki imapezeka pamwamba pa chulu. Zikatero udzapita, udzaphunzitsa kumeneko, sudzafa. Koma sindikhulupirira kuti zidzafika pamenepo. Ndinakuonerapo ukuphunzitsa, tsiku lija ndinabwera kudzatenga makiyi kusukulu kwako. Ndinaima pawindo osakuuza. Mwana wina anapereka yankho lolakwika moti ngakhale khoma linachita manyazi, anzake anayamba kuseka, iwe unakweza dzanja n'kunena kuti, "Dikirani, tiyeni tipeze pamene mnzathu wakhotera, chifukwa enanu mukhotera pomwepo." Kuseka kunatha, mwanayo anadzutsa mutu. Sindinakuyamikire chifukwa mutu wako ndi waukulu kale, ometa akudandaula. Koma ntchito umaitha, Limbani. Munthu woitha ntchito alibe chifukwa chobera.

Komabe, poti ndiwe mwana wa bambo ako, ndipo malemuwo mawu anga ankawamva pakapita chaka, ndikuuze chimene ndakonza ukakasefa. Sindidzalira. Sindidzabwera kudzakukalipira pamaso pa aphunzitsi ako. Ndidzangotumiza uthenga ku Mgona kuti mwana aliyense amene a Hedi amuuza kuti apume, abwere ku Kawale. Khonde ndili nalo, bolodi ndipeza. Ndili ndi anzanga opuma ntchito, wina ku Area 23 wina ku Area 25, amene atopa ndi kuthirira maluwa ndi kulera zidzukulu. Ndawaimbira kale lero m'mawa, ndipo funso lawo linali lakuti tiyamba liti. Za minibasi ndikambirana ndi amayi anzanga a kumpingo, amene sanakanepo nkhani yokhala ndi mpikisano mkati. Tidzawaphunzitsa, tidzawalembetsa mayeso ngati ongobwera, adzalemba mapepala omwewo ndi ana ako osankhikawo. Ndipo zotsatira zikadzatuluka ndidzatchena, ndidzafika pa sukulu yako ndi ana ako otayidwawo pambuyo panga, kudzafunsa mwaulemu ngati a Hedi ali ndi kamphindi koti tifananize.

Sankha wekha, mwana wanga: ana amenewo akhale ako, kapena akhale anga. Ine mbali zonse ziwiri ndapambana. Koma ndingakonde kuti akhale ako, chifukwa mawondo angawa atopa, komanso chifukwa ndikufuna tsiku lina ndili m'minibasi ndidzamve anthu akukamba za hedi wa ku Mgona amene sanataye mwana ngakhale mmodzi, ndidzatembenuke ngati sindikudziwa kanthu, ndidzafunse mokweza kuti onse amve: "Kodi ameneyo ndi mwana wa ndani?"

Pita bwino, Mulungu akutsogolere.

Ndine mayi ako, amene anali hedi iwe usanadziwe kumanga tayi,

Nachisale